Kudikira Chipongwe cha Siley

Lachitatu, 29 Meyi

Mkazi wanga Gnilane wandibweretsera kope ili ndi cholembera chofiira, chomwe ndimachongera mayeso a ana asukulu. Akuti chabuluu sanachipeze. Ndiye chilichonse ndilembe muno chizioneka cholakwika kale. Palibe kanthu.

Ndili pa bedi la pazenera, mu wodi ya amuna othyoka mafupa. Fupa la ntchafu ya kumanja lathyoka pawiri, nthiti zitatu zang'aluka. Mwendo aukoka ndi chingwe chodutsa pa kagudumu kumapazi kwa bedi, kumapeto kwake apachikako chitsulo cha makilo asanu. Ndikatsokomola ndimaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Dokotala Mendy, mayi wamfupi woyankhula ngati akutchula mitengo ya pamsika, akuti opaleshoni ndi Lachisanu, magazi akakwera. Lero ali pa 8, iye akufuna 10.

Ndamufunsa za Siley Athie, mnzanga amene ndinali naye m'galimoto. Akuti ali pamwamba, m'chipinda cha odwala kwambiri. Ndafunsa kuti ali bwanji. Akuti ali pamwamba.

Lachinayi, 30 Meyi

Botolo limodzi la magazi. Jakisoni wa pamimba madzulo alionse, woletsa magazi kuundana. Mankhwala opha ululu katatu pa tsiku.

Bedi loyandikana ndi langa pali mdala Sada, wogulitsa nkhosa za Tabaski, chikondwerero chathu cha Asilamu chopereka nsembe ya nkhosa. Nkhosa yake yomwe, yaikulu ngati bulu, inamugunda chakumbuyo atawerama kuti atole chingwe, n'kumuthyola fupa la m'chiuno. Iye alibe nayo chifukwa. Akuti mtengo wake wakwera anthu atamva kuti ndi yamphamvu.

Namwino ataitana dzina langa kuti Diokel Bakhoum, mdalayu anadzuka ndi chigongono, nkhope yonse ili ngwee.

"Ndiwe Msereri? Mulungu ndi wabwino. Ndimadandaula kuti antchito ndawasiya kunyumba, kani wanditumizira kapolo pompano."

Ndinamuuza kuti Mpulari wogonja kwa nkhosa asamatchule za ukapolo, mbuye wake ali kale kukhola akudya makoko a mtedza. Wodi yonse inaseka. Ine nthiti zinandilanga.

Ndimaphunzitsa mbiri yakale, koma tsiku limene usuweni wa nthabwala wa mitundu yathu iwiriyi unayamba sindilidziwa. Chimene mwana aliyense amadziwa n'chakuti Msereri ndi Mpulari akakumana amanyozana, wina sakwiya, ndipo wina sakhetsa magazi a mnzake. Mdala Sada sakudziwa chimene chinandigoneka pano. Siley ndi Mpulari.

Loweruka, 1 Juni

Dzulo anaika chitsulo m'kati mwa fupa. Chingwe ndi kagudumu achotsa. Ndasanza kawiri. Kutentha kwa thupi 37.8.

Gnilane anabwera ndi phala la mchewere lothira chambiko. Ndinadya masupuni ochepa. Nditamufunsa za Siley anayamba kupukuta supuni imene inali yoyera kale.

Lamlungu, 2 Juni

Lero mphamvu zilipo, ndiye ndilembe mmene zinayendera, mutu usanayambe kukonza nkhaniyi kuti izindikomera.

Ine ndi Siley tinagona chipinda chimodzi ku yunivesite, iye bedi lapamwamba ine lapansi, ndipo ankati ndi mmene Mulungu anakonzera dziko. Ine ndinatsala ndi choko. Iye analowa malonda a simenti ndi zitsulo zomangira nyumba, ndipo chaka chatha anagula chigalimoto chachikasu cha mipando iwiri, chonyonyomala moti kulowamo kuli ngati kukhala m'beseni. Ndinachitcha Ng'ombe, poti Mpulari akalemera sadziwa kugula china.

Bwalo lothamangitsirapo galimoto lili kunja kwa mzinda, pakati pa milambe, ndipo kamodzi pakanthawi amalitsegulira anthu wamba okhala ndi galimoto zothamanga koma opanda kothamangira. Madokotala, eni masitolo, ana a anthu. Palibe chikho, palibe wopambana. Umangozungulira mpaka mtima ukhale pansi kapena mafuta athe. M'mawa wa tsiku la ngoziyo mkulu wa bwalo anatisonkhanitsa pansi pa tenti: mbendera yachikasu chepetsa, yofiira ima, kupitirira mnzako ndi pa msewu wowongoka pokha, ndipo ukazungulira kangapo uziyendako kamodzi pang'onopang'ono kuti mabuleki azizire. Ndinagwedeza mutu pa chilichonse. Ndine mphunzitsi, ndimadziwa mmene munthu womvetsera amaonekera.

Mpaka masana ankayendetsa ndi Siley, ine pambali nditagwira lamba ndi manja onse. Pa mpunga wa nsomba anauza anthu kuti anandimva ndikutchula ma aya a Korani amene ngakhale imamu sawadziwa. Atatha kudya anandiponyera makiyi, akuti aone ngati wolima mtedza angayendetse china choposa ngolo ya bulu.

Ulendo woyamba anandifunsa ngati tikuperekeza maliro. Wachiwiri anati agogo anga pa bulu akanatipitirira n'kutipatsanso moni. Wachitatu china chake chinandilowa. Ndinaponda mafuta potuluka pa khona, mpando n'kundikankha kumsana ngati munthu wokwiya, milambe yonse n'kusanduka mpanda umodzi wotuwa. Muvi wa liwiro unadutsa 200. Ukafika pa zizindikiro zofiira umaponda buleki mwamphamvu, thupi lonse limakankhikira pa lamba, umakhota, umapondanso mafuta. Ndisaname, ngakhale ndi cholembera chofiira: kukoma kotero sindinakumvepo. Siley ankakuwa chipongwe m'chisoti chake choteteza mutu, ine ndikubweza, ndipo chilichonse wanena ndinkachita chosemphana nacho kapena kupyoza pamenepo. Ndi mmene takhalira kuyambira kale.

Sindikudziwa kuti tinazungulira kangati. Kunabwera fungo ngati la mphika wopserera, ndipo buleki inayamba kulowa pansi pang'ono kuposa poyamba. Siley analeka kuseka.

"Diokel, chepetsa. Mabuleki atentha. Tilowe pambali."

Chidziwiraneni sananditchulepo dzina. Ndine kapolo, ndine chimimba, ndine wodya mchewere, pa ukwati wanga womwe anandiitana choncho apongozi ali pomwepo. Ndiye nditamva Diokel, ndi mawu ofatsa ngati a munthu wopepesa maliro, ndinaseka. Ndinati iyi ndiye nthabwala yatsopano, akufuna ndichepetse kuti akauze mzinda wonse wa Dakar kuti Msereri anachita mantha. Ndinadutsa polowera pambali paja n'kuponda mafuta.

Kumapeto kwa msewu wowongoka ndinaponda buleki, phazi linangolowa ngati ndaponda papaya lakupsa. Galimoto inatembenuka cham'mbali m'miyala. Khoma la mateyala linabwera mbali yake.

Lachiwiri, 4 Juni

Bala likutuluka madzi achikasu. Atengako pang'ono ndi kathonje kuti akapime. Kutentha 38.4.

Houleye, mkazi wa Siley, watsika kudzandiona. Mayi ameneyu ndikafika kwawo amaitana wantchito kuti abise mphika, akuti chiwala chatera. Lero anaima kumapazi kwa bedi atakumbatira kachikwama, n'kundipatsa moni wonse mwa dongosolo lake: mwadzuka bwanji a Bakhoum, thupi likumva bwanji, ana kunyumba ali bwanji, Mulungu achepetse ululu. Anandisiyira botolo la madzi a chidede ozizira. Ndinamufunsa. Anati amuna ake akupuma ndi makina, madokotala akuyesetsa, zonse zili m'manja mwa Mwini. Potuluka anawerama pang'ono ngati akutsanzika kwa mkulu wa boma.

Ndikanakonda akanandithira chidedecho kumaso.

Mdala Sada anamva Chipulari chimene Houleye ankayankhula pa foni pakhomo. Atapita anandifunsa kuti wodwala wa pamwambayo ndi ndani wanga, nanga chiwongolero chinali kwa ndani. Ndinamuuza. Anatulutsa mikanda yake ya mapemphero.

Lachitatu, 5 Juni

39.3. Kunjenjemera. Diripi yatsopano, mankhwala opha tizilombo maola asanu ndi atatu alionse. Atsegula misoko iwiri kuti mafinya atuluke.

Lachinayi, 6 Juni

39.6. Pakhoma pakuyenda milambe.

Loweruka, 8 Juni

Kutentha kwatsika, 38.1. Dokotala Mendy akuti kachilombo akadziwa dzina lake tsopano, ndipo mankhwala awasintha kuti alimbane ndi komweko. Akutsuka bala kawiri pa tsiku. Namwino amati ndipume mwamphamvu, ngati kuti nthiti ndinabwereka kwa munthu wina.

Ndinagwira dokotala malaya kuti andiuze za Siley. Anayang'ana dzanja langa mpaka ndinasiya, kenako anati makina amuchotsa, akupuma yekha, akuzindikira anthu. Nkhani ili pa msana. Zotsalazo ndi za banja lake, ine si m'bale wake. Ndinafuna kumuuza kuti ndine mbuye wake, koma nthabwala imeneyi yasowa woilandira.

Mdala Sada tsopano amanditchula kuti aphunzitsi. Dzulo anandigawira zipatso za kanjedza zimene mwana wake anabweretsa, ndi manja awiri. Wayilesi yake ya nkhani za ogwetsana m'bwalo amaichepetsa ndikatseka maso. Sanandinyozepo chiyambire Lachiwiri. Wodi yonse yazindikira, ngakhale uja wa pakona amene anagwa pa denga akumangira mlongoti wa kanema.

Ndayesa kumuputa. Ndinati Apulari amapemphera nthawi yaitali chifukwa machimo awo amakhala pa mzere ngati ng'ombe pachitsime. Anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti n'zoona aphunzitsi, tonse ndife ochimwa.

Lachiwiri, 11 Juni

37.9. Wophunzitsa kuyenda wabwera ndi chitsulo cha miyendo inayi chogwirira. Ndafika pakhomo la wodi n'kubwerera, thukuta ngati ndalima munda wa mtedza. Phazi la kumanja lingokhudza pansi, osaliyedzamira.

Anzake awiri a Siley a ku bwalo kuja anabwera ndi malalanje. Anafotokoza bwinobwino, ndi manja omwe, kuti mafuta a mabuleki akatentha amawira, ndipo akawira phazi limaponda mpweya. Akuti zimachitikira ngakhale akatswiri. Wina anandibwezera nsapato yanga ya kumanzere imene anaitola m'miyala. Sanandifunse ngati Siley anandichenjeza, inenso sindinawathandize kufunsa.

Madzulo malume anga anaimba foni kuchokera kumudzi. Moni anadula pakati. Akuti akuluakulu akhala pansi, ndipo bala langa silipola mpaka mwini magazi amene ndinakhetsa atatsegula pakamwa pake pa ine. Ndinawauza dzina la kachilombo, lachilatini, mawu awiri athunthu. Anati dzina ndi labwino, nanga bala lapola?

Silinapole.

Gnilane anamva zonse akusenda lalanje. Sanandikalipirepo chigonekereni pano, ndipo lero anangonena chapansipansi kuti ine bambo wa mwana wathu Tening, munthu wa mutu wa imvi, wopita kuntchito ndi galimoto yofuna kukankha m'mawa uliwonse, ndinkafunanji m'chigalimoto cha eni. Ndinati ndinkafuna kumuonetsa Siley. Anati ndamuonetsa.

Lachisanu, 14 Juni

37.6. Diripi aichotsa, tsopano ndi mapiritsi. Bala likutulukabe madzi pang'ono pa msoko wapansi.

Siley amutsitsira ku wodi ya a msana, nyumba ya kuseri kwa mtengo wa mango. Ndinatuma Gnilane. Ndinamuphunzitsa mawu ngati mwana wa mayeso: kuti ndikupereka moni, ndikumupempherera, ndipo ngati sikumuvutitsa ndikupempha kudzamuona. Anabwerera msanga. Anamupeza atagona chagada, atamangidwa chomangira cholimba kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, miyendo ili pansi pa nsalu ngati katundu wa munthu wina. Anamvetsera uthenga wonse akuyang'ana kudenga.

Yankho lake ndi ili, Gnilane analibwereza kawiri chifukwa ndinamukakamiza: "Muwauze a Bakhoum kuti ndathokoza. Apeze bwino."

Chakudya chamadzulo ndapatsa uja wa mlongoti.

Loweruka, 15 Juni

Mdala Sada watuluka. Dokotala amafuna akhalebe, koma Tabaski ndi mkuja, nkhosa zili pamsika, ndipo akuti ana ake atha kugulitsa ija inamugunda pa mtengo wa mbuzi. Anamunyamulira pa chikuku, wayilesi pamiyendo.

Atafika pa bedi langa anauza mwana wake kuti aime. Anandifunsa kuti uthenga uja ndinatumiza dzulo unali wa ndani, poti iye anaumva wonse ndipo ankaganiza kuti ndikulembera nduna. Ndinati nanga munthu amene wamuthyola msana umamuyankhula bwanji. Anakonza chipewa chake.

"Kwathu kapolo wabwino sadikira kuitanidwa. Koma ndiwe Msereri, ulesi unabadwa nawo."

Anapita osatembenuka. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa tsiku lonse ngati fupa la nsomba pakhosi.

Lolemba, 17 Juni, Tabaski

M'mawa takbira, mfuu yotamanda Mulungu, inkamveka kuchokera ku mzikiti wa kuseri kwa mpanda. Pofika masana chipatala chonse chinali kununkha chiwindi chowotcha ndi anyezi, mabanja akulowa ndi mabeseni okutidwa nsalu. Aliyense akupempha mnzake chikhululuko monga mwa tsikuli, anamwino, oyeretsa, ngakhale uja wa mlongoti anandipempha kuti ndimukhululukire mkonono.

Ndinauza Gnilane kuti abwereke chikuku. Anandiyang'ana, n'kupita kukachitenga.

M'chipinda cha Siley munali modzaza. Amayi ake, azichimwene ake atavala mikanjo yoyera yowuma ndi sitachi, Houleye akugawa nyama m'mbale. Titalowa phokoso linazima ngati magetsi. Siley wachepa thupi. Ndevu zamera zotuwa, sindinkadziwa kuti ali nazo zotuwa. Anthu onse ankamuyankhula motsitsa mawu, ndipo mchimwene wake wamkulu, amene amamulanda makiyi a galimoto osapempha, ankamukupizira mphepo ndi chikatoni.

Ndinanena mawu a tsikuli. Ndinati Siley, undikhululukire. Anayankha monga ayankhira aliyense lero, kuti wandikhululukira, nanenso ndimukhululukire, Mulungu atikhululukire tonse. Anawanena bwino, mosaphonya, akuyang'ana khoma kuseri kwa mutu wanga. Mawu omwewo anali atauza kale woyeretsa pansi. Amayi ake anati amina. Gnilane anayamba kutembenuza chikuku.

Ndinagwira teyala ndi dzanja. Ndinaona mbale ya nyama, mikanjo yoyera, chikatoni chokupizira chija, anthu onse aulemu ozungulira bedi ngati mwini wake wapita kale, ndipo ine mmodzi wa iwo.

"Ndiye wakwaniritsa loto lako, Mpulari iwe. Kugona chagada, anthu akukudyetsa, akukukupiza. Ulesi umenewu unauyamba pa bedi lapamwamba lija. Ndipo Ng'ombe yako inali yokalamba, anakubera."

Chikatoni chinaima. Mchimwene wake wina anadzuka pa mpando. Amayi ake anagwira pakamwa ndi mpango, ndipo Gnilane anandifinya phewa mpaka zikhadabo kulowa. Siley anachotsa maso pakhoma pang'onopang'ono n'kuwaika pa ine. Anandiyang'ana kuyambira pa bandeji mpaka kumutu. Ndinamva ntchentche ikuzungulira mbale.

"Houleye," anatero, mawu osasa chifukwa cha paipi ija inakhala pakhosi. "Bisa nyama. Chiwala chatera."

Woyamba kuseka anali amayi ake, m'mpango momwemo, misozi ikutsika. Houleye anatengadi mbale n'kuiika pamwamba pa kabati, kenako anatuluka panja, ndipo tinamumva akulira pakhonde. Siley sanaseke. Anandikodola ndi chala kuti ndisendere, Gnilane n'kundikankhira mpaka bondo langa labwino linagunda chitsulo cha bedi.

"Miyendo iyi akuti mwina sibwerera. Sakudziwa, koma nkhope zawo zikudziwa. Ndiye uchire msanga, kapolo iwe, chikuku changa sichidzadzikankha chokha." Anapuma kaye, mpweya ukumuvuta. "Koma ndikadzati chepetsa, udzachepetse."

Ndinayenera kubweza, mwambo umatero. Ndinafufuza m'mutu monse osapeza kanthu. Ndinangoti Mpulari wolemera ngati thumba la simenti adzalipira pa kilomita. Inali yofooka. Iye anandiuza kuti inali yofooka.

Houleye atabwerera ananditsitsira mbale ija yekha, akunena kuti ndidye msanga ndichoke, mpando wanga ukutsekereza alendo enieni.

Kutentha 37.4. Msoko wapansi ukadali wonyowa, bandeji asintha kawiri. Malume ndiwaimbira bala likauma, asanyade msanga. Ndapempha wophunzitsa kuyenda kuti kuyambira mawa azibwera m'mawa ndi madzulo, ndipo andionetse zolimbitsa manja.